Bokosi la Hart to Hart ndi kabuku ka Love Letters: milandu ndi yopepuka, koma banjali ndi loyenera ndalama zanu

Ngati mukufuna kanema wa ofufuza milandu woti akuzunguzeni mutu mpaka kumapeto, musagule bokosi ili. Ndikudziwa kuti ambiri okonda nkhani zoterezi amafuna chinsinsi cholimba, choti poonera muzikangana ndi mnzanu kuti wapha ndani. Hart to Hart alibe zimenezo. M'magawo ambiri chigawenga mumachidziwa msanga, mwinanso amachita kukuonetsani nkhope yake chikukonza chiwembu. Komabe bokosi la zimbale za DVD la masizoni onse asanu ndi katundu amene sindibwereketsa mwachisawawa pakhomo pano, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Pulogalamuyi inkaulutsidwa pa kanema wa ABC ku America kuyambira 1979 mpaka 1984, ndipo ili ndi magawo 110. Robert Wagner ndiye Jonathan Hart, mwana wamasiye amene anadzikweza yekha mpaka kukhala mpondamatiki, mwini kampani ya Hart Industries. Stefanie Powers ndi mkazi wake Jennifer, mtolankhani wodziimira payekha. Amakhala ku Bel Air mumzinda wa Los Angeles pamodzi ndi Max, bambo wachikulire amene ndi dalaivala, khukhi ndiponso woyang'anira nyumba, komanso kagalu kaubweya kotchedwa Freeway. Awiriwa si apolisi. Kungoti kulikonse kumene apita, kaya ndi kuphwando, kutchuthi kapena kokagula zinthu, kumapezeka mtembo, ndipo iwo sangathe kungodutsa.

Ife a ku Malawi pulogalamuyi sitinaione pa nthawi yake, poti kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Ine ndinakumana nayo pa matepi a vidiyo amene malume anajambula ali ku sukulu ku Britain, magawo ochepa chabe, zithunzi zake zothimbirira, malonda a sopo ali pakati. Koma dzina limodzi lolembedwa koyambirira kwa gawo lililonse tinkalidziwa kale: Sidney Sheldon. Amene munaphunzira sekondale yogonera konko zaka zimenezo mukukumbuka mmene mabuku a bamboyu ankayendera m'manja mpaka zikuto kuthothoka. Iyeyu ndiye anayambitsa ganizo la pulogalamuyi, kenaka Tom Mankiewicz, amene analembako mafilimu a James Bond, analikonzanso n'kutsogolera kujambula kwa gawo loyamba lalitali la 1979. Opanga ake anali Aaron Spelling ndi Leonard Goldberg. Mukaonetsetsa, dzanja la munthu wa James Bond limaoneka: magalimoto okongola, kuthamangitsana, nthabwala pakati pa zoopsa.

Bokosili anandigulira ndi mchemwali wanga amene amakhala ku Indiana, ndipo apa ndi pamene pali chenjezo loyamba. Zimbale za DVD zimagawidwa m'zigawo za dziko. Za ku America ndi za chigawo 1, za ku Britain ndi ku South Africa ndi za chigawo 2, pamene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'chigawo 5. Makina ena amakana chimbale chachilendo. Athu, otchipa amene tinagula mu taunimu, amawerenga chilichonse, koma a mnansi wathu, a dzina lotchuka ndi odula, anachikana. Musanatumize ndalama kwa m'bale wanu kunja, bwerekani kaye chimbale cha ku America muyesere.

Chithunzi ndi choyera kuposa mmene ndinkayembekezera pa kanema wa zaka zoposa makumi anayi. Tsitsi lofiirira la Jennifer likuoneka mtundu wake weniweni, Mercedes yawo yachikasu yopanda denga ikuwala. Chithunzicho ndi cha makanema akale, ndiye pa TV yamakono chimasiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Isiyeni choncho. Mukachikoka kuti chidzaze sikirini, anthu onse amafupika n'kunenepa. Kuyera kwa chithunzi kuli ndi vuto lake laling'ono: pa ndewu ndi pothamangitsana mumatha kuona kuti amene akudumpha mpanda si Wagner koma munthu wina womuimira, chinthu chimene pa tepi ya malume sichinkadziwika. Mawu akumveka bwino, kupatula a Max, amene amalankhulira pakhosi ndi Chingerezi cha ku New York. Ngati khutu lanu silinazolowere, funsani wogulitsa ngati zimbalezo zili ndi mawu olembedwa pansi. Chimene chinandikhumudwitsa ndi pulasitiki wogwira zimbale mkatimo. Ndi wosalimba, kogwirira kamodzi kanali katathyoka kale pofika kuno, ndipo chimbale chimodzi chinakalika pang'ono ngakhale chikusewera. Ndinagula timatumba tansalu tosungira zimbale n'kusamutsiramo zonse.

Tsopano ku nkhani yeniyeni. Chimene chimandibweza ku pulogalamuyi ndi ukwati wa anthu awiriwa. Taganizani za masewero ambiri amene timaonera masiku ano, a kuno, a ku Nigeria, a ku South Africa. Ngati muli banja, dziwani kuti wina akuyenda njira, wina akubisa mwana wa kunja, apongozi akuthira mafuta pamoto. Olemba ambiri amaganiza kuti banja lokondana lilibe nkhani. Olemba Hart to Hart anakana maganizo amenewo kwa zaka zisanu. Jonathan ndi Jennifer sasiyana, sazemberana, sasungirana mangawa. Mavuto onse amachokera kunja kwa mpanda, ndipo iwo amakumana nawo ali mbali imodzi.

Zimenezi zikanatha kukhala zotopetsa zikanapatsidwa kwa anthu ena. Koma taonani mmene Wagner amamvetsera Powers akamalankhula. Sayang'ana kumbali kudikira nthawi yake yoyankhula. Amamuyang'ana kumaso, pakamwa pakuyamba kumwetulira mawu asanathe, ngati munthu amene akudziwa kale kuti mkazi wake anena chinthu chanzeru. Jennifer akatulukira mfundo imene mwamuna wake sanaione, Jonathan sachita manyazi kapena kuilanda kuti ikhale yake. Amanyadira. Ndipo magawo ambiri amathera kuchipinda kwawo, awiriwo akuseka za tsikulo, kagalu katadzipanikiza pakati. Palibe chonyansa chimene amaonetsa, mungathe kuonera ndi ana osatembenuza nkhope, koma simukayika kuti anthu awa amafunana. Bambo a kunyumba kuno, amene poyamba ankati izi ndi za azimayi, tsiku lina anangoti, "Mayi, munthu uyu mkazi wake amamulemekeza zedi." Kuyambira pamenepo ndi iwo amene amakumbutsa kuti tinalekezera chimbale chiti.

Ganizo la banja lolemera lofufuza milandu silinayambe ndi iwo. Linalipo kale m'mafilimu a The Thin Man, amene anayamba mu 1934 ndi William Powell ndi Myrna Loy, nawonso ali ndi kagalu kawo. Kusiyana kwake ndi kwakuti kanema wa mlungu ndi mlungu amakupatsani nthawi yaitali yokhala ndi anthuwo mpaka kuwazolowera ngati anansi.

Max ndi woyenera ndime yakeyake. Lionel Stander, amene anasewera mbali imeneyi, anabadwa mu 1908 ndipo anali atadutsa m'zowawa asanafike apa. M'zaka zimene America inkasaka anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, dzina lake linaikidwa pa mndandanda wa osayenera kulembedwa ntchito ku Hollywood. Mu 1953 anaitanidwa kukaonekera ku komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza nkhanizi, ndipo anakana kugonja. Anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ku Ulaya, makamaka ku Italy, asanabwerere kwawo. Mukadziwa mbiri imeneyi, mumamvetsa chifukwa chake Max saoneka ngati wantchito wogwada. Amaphika, amayendetsa galimoto, amatchula mabwana ake mwaulemu, koma ndudu yake yaikulu ili pakamwa, amabetcha pa mipikisano ya akavalo, ndipo akaona kuti Jonathan akulakwitsa amamuuza. M'nkhaniyi iye ndiye anathandiza Jonathan ali mnyamata wosowa pogwira, choncho ali ngati bambo m'nyumbamo. Mu 1983 Stander analandira mphoto ya Golden Globe chifukwa cha mbali imeneyi, ndipo ine ndikuti anaiyenera. Mawu ake ndi amene amatsegula gawo lililonse, akufotokoza za mabwana ake nyimbo ya Mark Snow ikulira pansi.

Zofooka zilipo, ndipo sindizibisa. Milandu yambiri imathetsedwa ndi mwayi kuposa nzeru. Jennifer, amene ndi wochenjera kuposa aliyense m'chipindamo, amagwidwa ndi zigawenga kawirikawiri kuti mwamuna wake apeze womupulumutsa, ndipo zimenezi zimandipweteka chifukwa Powers akanatha kuchita zambiri. Anthu akuda ndi ochepa, ndipo anthu a mayiko ena nthawi zambiri amaonetsedwa mwachibwana, ndi kalankhulidwe kokokomeza. Chuma chawonso nthawi zina chimafika pokutopetsa: ndege yawoyawo, Rolls-Royce, zovala zatsopano pa chithunzi chilichonse. Mukaonera magawo anayi motsatizana mumayamba kuona kuti msuzi wake ndi umodzimodzi, angosintha ndiwo. Pulogalamuyi inapangidwa kuti izionedwa kamodzi pa mlungu, ndipo imakoma mukaipatsa mpata wotere.

Pali chinthu china chimene chimasintha maso anu mukafika sizoni yachitatu. Mu November 1981, pulogalamuyi ikujambulidwa, William Holden, katswiri wa mafilimu amene anali wokondedwa wa Stefanie Powers kwa zaka zambiri, anamwalira. Pasanathe milungu itatu, Natalie Wood, mkazi wa Robert Wagner, anamira m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Catalina. Apolisi anatsegulanso kafukufuku wa imfa imeneyi mu 2011, ndipo palibe amene anaimbidwapo mlandu. Anthu awiri amene ntchito yawo inali kuonetsa banja losangalala anali pa maliro m'mwezi umodzi womwewo, ndipo anabwerera kukamaliza sizoniyo. Natalie Wood mungamuone mwachidule m'gawo loyamba lenileni la 1979. Powers naye, pokumbukira Holden, anakhazikitsa bungwe la William Holden Wildlife Foundation, lophunzitsa za kusamala nyama zakutchire pafupi ndi phiri la Kenya.

Chimene chikusowa m'bokosi langa ndi mafilimu asanu ndi atatu amene awiriwa anadzapanga pakati pa 1993 ndi 1996, atabwereranso ngati banja la Hart. Amenewo amagulitsidwa padera. Stander anamwalira mu 1994 mafilimuwa asanathe, ndiye omalizawo alibe Max. Mukamva mawu oti bokosi lathunthu, dziwani kuti akunena masizoni asanu aja basi.

M'phukusi lomwelo mchemwali wanga anaikamo kabuku kopyapyala, sewero la pa siteji lotchedwa Love Letters, lolembedwa ndi A. R. Gurney wa ku Buffalo, ku America. Anadziwa chimene akuchita. Pulogalamu ya pa kanema itatha, Wagner ndi Powers anayenda ndi sewero limeneli m'mizinda ya ku America mpaka ku London, ndipo okonda Hart to Hart ankapita kukawaona ali pamodzinso. Powers analandira nalo mphoto ya Sarah Siddons ya ku Chicago mu 1993. Seweroli linayamba kuonetsedwa mu 1988, linafika ku Broadway, ku nyumba zotchuka za zisudzo za ku New York, mu 1989, ndipo linali m'gulu la omaliza pa mphoto ya Pulitzer ya 1990.

Kapangidwe kake ndi kosavuta modabwitsa. Pa siteji pamakhala tebulo, mipando iwiri, mwamuna ndi mkazi. Saloweza mawu, amawerenga. Zimene akuwerengazo ndi makalata amene Andrew Makepeace Ladd III ndi Melissa Gardner analemberana kwa zaka pafupifupi makumi asanu, kuyambira ali ana a pulayimale, wina akuyankha kalata yomuitanira ku phwando la tsiku lobadwa. Andy amakonda kulemba, amamvera makolo, amapita ku yunivesite ya Yale, amalowa usilikali wa pamadzi, amakhala loya kenaka senata. Melissa ndi wa kubanja lolemera kwambiri koma losweka, amadana ndi kulemba makalata, amajambula zithunzi, ndipo moyo wake umapita ukugumuka ndi mowa ndi ukwati wosalimba. Amakondana, aliyense womvera akuona, koma nthawi iliyonse wina akakonzeka mnzake amakhala atayang'ana kwina.

Ndikuganiza kuti ndikumvetsa chifukwa chake anthu ankafuna kuona awiriwa m'sewero limeneli makamaka. Kwa zaka zisanu anawaona ngati banja limene silikhudzidwa ndi kanthu. Gurney amawapatsa zimene kanema anawamana: ukalamba, mantha, kuchedwa. Munthu amene anazolowera kuona Jonathan akuthamangira kukapulumutsa Jennifer amakhala pansi n'kumvera Andy akuwerengera mavoti ndi mbiri yake pamene Melissa akumira. Nkhope ndi zomwezo, mawu ndi omwewo, koma ulendo uno palibe wobwera pa nthawi yake.

Tinaliwerenga mokweza ndi bambo a kunyumba kuno usiku wina magetsi atazima, tili pa tebulo lodyera, nyali ya sola pakati. Wolemba analangiza kuti owerenga asayang'anane mpaka kumapeto, ndiye tinakhala moyandikana, tonse kuyang'ana kukhoma. Gawo loyamba tinaseka kwambiri, poti makalata a ana ndi achibwana ndipo Melissa ali ndi pakamwa. Koma pali malo amene mmodzi amalemba, mnzake osayankha. Amalembanso, chete. Amalembanso kachitatu kufunsa ngati kalata inafika. Papepala ndi mizere yochepa chabe, koma ukakhala iwe woyenera kukhala chete, mnzako akuwerenga pambali pako, mphindiyo imatalika. Ndinamva bambowa akumeza malovu asanapitirize. Atafika pa kalata yomaliza, imene Andy amalembera mayi ake a Melissa, anaima kawiri, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, ndipo anamaliza ndi mawu otsika kuposa mmene ndinawamverapo akuwerenga chilichonse.

Seweroli ndi la anthu olemera a kum'mawa kwa America, ndipo lili ndi mayina a sukulu, magule ndi miyambo imene ife sitiidziwa. Zina mwa nthabwala zake zimatidutsa. Koma aliyense amene anaimapo pa bwalo la sukulu yogonera, mtima ukugunda, akudikira kuti dzina lake litchulidwe pa mulu wa makalata a ku Private Bag, adzalimva seweroli m'mafupa. Tikudziwa kusankha pepala labwino, kulemba kawiri kuti zilembo zikhale zokongola, kudikira milungu yankho losabwera. Andy amanena kuti ndi m'kalata mmene amakhala munthu weniweni, Melissa amamuyankha kuti akubisala kuseri kwa pepala, ndipo ine ndikuona kuti onse awiri akunena zoona. Ana athu a WhatsApp mwina adzafunika kuwafotokozera kaye kuti kudikira kunali chiyani.

Kabukuka ndi ka anthu ochita zisudzo, kopanda zithunzi, zilembo zazing'ono, pepala wamba. Sikokongola pa shelefu koma kamagwira ntchito yake. Magulu a zisudzo a kuno amene amadandaula za ndalama za zovala ndi zokongoletsera siteji angachite bwino kukaona, chifukwa zofunika ndi tebulo ndi anthu awiri odziwa kuwerenga ndi mtima. Akumbukire kuti kuonetsa pagulu kumafuna chilolezo cha eni ake, ndiponso kuti muli nkhani za mowa ndi za chigololo, si la ana a sukulu. Pali filimu ya pa kanema ya 1999 imene Stanley Donen anapanga kuchokera pa seweroli, ya Laura Linney ndi Steven Weber, koma ine ndingakulangizeni kuti muyambe mwaliwerenga nokha, chifukwa mphamvu yake ili m'zimene simukuziona.

Kwa amene mwaganiza zogula bokosi la zimbale, yambani ndi gawo lalitali la 1979 kuti muwadziwe anthuwo, kenaka dumphani mupite ku gawo lotsegulira sizoni yachisanu, lojambulidwa ku London, limene limabwerera m'mbuyo kukaonetsa mmene Jonathan ndi Jennifer anakumanirana, Jonathan akuthawa atolankhani, Jennifer ali mtolankhani wofuna nkhani yake. Mukatero mubwerere ku sizoni yoyamba ndi yachiwiri, zimene kwa ine ndi zolimba kuposa zinazo. Kabuku ka Gurney kasungeni mpaka mutatha masizoni angapo, ndipo pogula muitanitse makope awiri, chifukwa kuwerenga awiri pa buku limodzi kumakukakamizani kuyang'anana nthawi isanakwane.